Pempho la thandizo pa ma peptide a histone H3 ndi puloteni ya HP1

Akuluakulu ndi anzanga ochita kafukufuku, ndikupempha nzeru zanu pa vuto limene landisowetsa mtendere kwa milungu itatu tsopano.

Ndikufufuza mmene puloteni ya HP1 imagwirira mchira wa histone H3 (puloteni imene DNA imakulungidwapo) pamene lysine 9 (amino acid ya nambala 9 pa mchirawo) ili ndi magulu atatu a methyl (trimethyl), chizindikiro chopezeka m'zigawo za DNA zimene majini ake sakugwira ntchito. Ndinagula ma peptide (tizidutswa ta puloteni) awiri a ma amino acid 21 oyambirira a histone H3, onse okhala ndi biotin kumapeto, wina wa H3K9me3 (wokhala ndi trimethyl pa lysine 9) ndipo wina wosasinthidwa. Nditawamata pa timikanda ta streptavidin (puloteni yogwira biotin), n'kuthirapo HP1, n'kutsuka katatu ndi madzi a mchere wa 150 mM NaCl, HP1 inatsalira pa onse awiri, pamene imayenera kukakamira wosinthidwayo yekha.

Kodi mchere ndiwonjezere kufika pati kuti puloteni yongomatirira ichoke popanda kuchotsa yogwira moyenera? Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti kulemera kwa trimethyl ndi kwa acetyl (chizindikiro china choikidwa pa lysine) kumasiyana ndi 0.036 Da (muyeso wa kulemera kwa mamolekyulu) yokha, ndipo pepala limene ogulitsa anatumiza silikusonyeza kusiyana kochepa chotere, choncho mwina anandipatsa peptide ya acetyl m'malo mwa ya trimethyl. Kodi mungandilangize njira yotsimikizira kuti anandipatsadi peptide yoyenera?