Kodi geology ya chaka choyamba ndi ya kuloweza mayina a miyala basi?

Chikondi_M:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndasankhidwa kukaphunzira sayansi ku yunivesite ina ya boma, ndipo pa maphunziro a chaka choyamba pali phunziro loyambira la geology, lomwe likukhudza miyala, kapangidwe ka dziko lapansi, zivomerezi, mapiri ophulika ndi kukokoloka kwa nthaka. Pa mayeso a MSCE ndinalemba Chemistry ndi Physics, koma Geography ndinaisiya kalekale. Amene anadutsamo akundiuza kuti phunziroli ndi la kuloweza mayina ambirimbiri a miyala, ndipo ambiri amalephera mayeso a mu labotale. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga munthu amene sanaphunzire Geography angakonzekere bwanji sukulu isanatsegulidwe?

Mayi_Nachisale:

Mwana wanga, musadandaule za Geography, chifukwa Chemistry imene muli nayoyo ndiyo idzakuthandizeni kwambiri m'masabata oyambirira. Mayina alipodi ambiri, koma amene amalephera mayeso a mu labotale kawirikawiri ndi amene analoweza mayinawo kuchokera pa zithunzi za m'buku, kenaka n'kupatsidwa mwala weniweni wosafanana ndi chithunzicho. Mtundu wa mwala umanyenga: quartz amatha kukhala woyera, wapinki, wofiirira kapena wakuda ngati utsi, koma onsewo ndi quartz yemweyo.

Chimene aphunzitsi amafuna n'chakuti mudziwe kuyesa. Choyamba ndi kulimba, komwe kumayezedwa pa sikelo ya Mohs yoyambira pa 1 kufika pa 10: talc ali pa 1, calcite pa 3, quartz pa 7, corundum pa 9, ndipo dayamondi ali pa 10. Chikhadabo chanu chili pafupifupi pa 2.5 ndipo mpeni uli pafupifupi pa 5.5, choncho ndi zinthu ziwiri zokhazi mungathe kugawa zimene zili pa tebulo m'magulu atatu musanatchule dzina lililonse. Chachiwiri ndi kaswekedwe. Mica amasendeka timapepala topyapyala, feldspar amasweka motsata mbali ziwiri zosalala zokumana pafupifupi pa madigiri 90, pamene quartz alibe mbali yotere ndipo amasweka mokhota ngati galasi la botolo. Chachitatu ndi mtundu wa ufa umene umatsala mukakhukhuza mwalawo pa kambale koyera kosasalala: hematite, ngakhale akuoneka wakuda, amasiya mzere wofiira, ndipo pyrite, amene wapusitsa anthu ambiri kuti ndi golide, amasiya mzere wakuda. Pomaliza pali kadontho ka asidi wosungunulidwa, komwe kamatulutsa thovu pa calcite.

Mukadziwa kusiyanitsa quartz, feldspar, mica, calcite ndi awiri akuda otchedwa amphibole ndi pyroxene, ndiye kuti mwagwira zinthu zimene zimapanga miyala yambiri imene mudzakumane nayo chaka chonse. Manja amazolowera monga momwe mayi amadziwira ufa woyera ndi mgaiwa pongougwira. Choncho labotale ikakhala yotsegula kunja kwa nthawi ya kalasi, pitani mukagwire miyalayo, ndipo mugule kagalasi kokuzira zinthu kakhumi, poti n'kotsika mtengo poyerekeza ndi buku.

Geo_wa_ku_Mulanje:

Ndikugwirizana ndi mayi pa nkhani ya labotale, koma ndikufuna kuwonjezera kuti theka lina la phunziroli, lomwe limabwera pa mayeso olemba, limafunsa chifukwa chake mwala uli momwe uliri. Apa wophunzira wa kuno ali ndi mwayi umene mabuku ochokera ku America sangamupatse, pakuti zitsanzo za m'mabukumo ndi za Grand Canyon ndi Hawaii, pamene zinthu zomwezo zili pakhomo pathu.

Tengani nkhani ya miyala yochokera ku chiphalaphala. Buku lidzakuuzani kuti chiphalaphala chikazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka, timibulu ta mwala timakula mpaka kuoneka ndi maso, koma chikatuluka kunja n'kuzizira msanga timakhala tating'onoting'ono. Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, si phiri lophulika monga ena amaganizira. Ndi chiphalaphala chimene chinaumira pansi pa nthaka zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo miyala yofewerapo imene inachizungulira inakokoloka m'kupita kwa nthawi, n'kusiya thanthwe lolimba la syenite ndi granite lili chiimire. Phiri la Zomba linapangidwa mofananamo. Mukafunsidwa kusiyana kwa miyala iwiriyi, yankho lili pa kuchuluka kwa quartz: granite ali naye wochuluka, syenite ali naye wochepa kwambiri. Mukafunsidwanso za kuwola kwa miyala, kumbukirani kuti feldspar akakumana ndi madzi kwa nthawi yaitali amasanduka dongo pamene quartz amatsala ngati mchenga, ndipo kumene mvula ndi yochuluka kuwolaku kumapitirira mpaka kutsala bauxite, mwala umene amapangira aluminiyamu, monga ali pa Lichenya pa Mulanje pomwepo.

Mapiri amenewa ali m'gulu limene akatswiri amalitchula kuti Chilwa Alkaline Province, ndipo m'gululi muli mwala wachilendo wotchedwa carbonatite, womwe unachokera ku chiphalaphala ngakhale kuti wadzaza ndi calcite ngati mwala wa laimu. Katswiri wa miyala Frank Dixey ndi anzake anaufotokoza m'zaka za m'ma 1930 atafufuza pa chilumba cha Chilwa. Mwala womwewu ndi umene uli ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Songwe Hill m'boma la Phalombe, kumene kukukambidwa za migodi masiku ano. Sindikunena kuti carbonatite adzakhala mutu waukulu chaka choyamba, koma ndi chitsanzo chimene chimaonetsa woyesa mayeso kuti mwamvetsa kuti dzina la mwala limatsata chiyambi chake.

Pa nkhani ya kusuntha kwa zigawo za dziko lapansi, Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chimene chinapangidwa chifukwa nthaka ya kum'mawa kwa Africa ikung'ambika ndi mamilimita ochepa chabe chaka chilichonse. Nyanjayi ndi yakuya pafupifupi mamita 700, kutanthauza kuti pansi pake penipeni ndi potsika kuposa pamwamba pa nyanja zamchere. Chivomerezi cha ku Salima cha mu 1989, zivomerezi za ku Karonga za mu December 2009, ndi akasupe otentha a ku Chiweta ndi ku Nkhotakota, zonsezi zikuchokera ku ming'alu yomweyo. Malasha a ku Mchenga ndi uranium wa ku Kayelekera ali m'miyala yoyalana ya m'gulu lotchedwa Karoo, pamene gawo lalikulu la dziko lino lakhala pa gneiss, mwala wakale kwambiri umene unasinthidwa ndi kutentha ndi kupanikizika. Ndi zitsanzo zimenezi muli kale ndi magulu onse atatu a miyala: yochokera ku chiphalaphala, yoyalana ndi yosinthidwa.

Bambo_Phiri_Survey:

Anzanga awiriwa akamba zabwino, koma asiya mbali imene ndimaona kuti imagwetsa ophunzira anzeru, yomwe ndi mapu. Mudzapatsidwa mapu okhala ndi mizere yosonyeza kukwera kwa malo pamodzi ndi malire a miyala, ndipo mudzafunsidwa kujambula mmene miyalayo yayalanirana pansi pa nthaka ngati kuti mwadula phirilo ndi mpeni. Apa kuloweza sikuthandiza konse. Muyenera kumvetsa strike ndi dip, kutanthauza mbali imene mwala woyalana walowera ndi kupendekeka kwake, ndipo pamafunika trigonometry ya ku sekondale. Popeza Geography munaisiya, mbali imeneyi ndiyo yokhayo imene mungatsalire, choncho pezani mapu a sikelo ya 1:50,000 a dera lanu ndipo muyambe kuphunzira kuwerenga mizere ya kukwera kwa malo tsopano lino.

Chinanso ndi nthawi. Dziko lapansi lili ndi zaka pafupifupi 4.6 biliyoni, ndipo mudzafunsidwa kusanja zochitika motsatira malamulo osavuta: pa miyala yoyalana imene sinagubuduzidwe, wapansi ndiye wakale, ndipo mng'alu kapena chiphalaphala chimene chadula mwala ndi chaching'ono m'zaka kuposa mwala wadulidwawo. Mafunso amenewa ndi a malikisi aulere kwa amene wachita zitsanzo zingapo ndi pensulo.

Chikondi_M:

Zikomo kwambiri nonse. Bambo Phiri, ndifunseko chimodzi: kodi kugumuka kwa mapiri kumene kunachitika pa nthawi ya namondwe wa Freddy kumalowanso m'phunziro limeneli, kapena ndi nkhani ya ophunzira zanyengo?

Bambo_Phiri_Survey:

Kumalowa ndithu, pa mutu wa kutsetsereka kwa nthaka ndi miyala, ndipo ndi mutu umene mungaulembe bwino kuposa wolemba buku lanu. Zimene makolo athu ankati napolo ndi matope osakanikirana ndi miyala ikuluikulu amene amatsika m'phiri motsata makwawa. Zinachitika ku Zomba mu 1946, ku Phalombe mu 1991 kuchokera m'phiri la Michesi, ndipo mu March 2023 zinachitika ku Soche mu Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mvula ndi imene imayambitsa, koma funso la geology ndi lakuti n'chifukwa chiyani malo ena amagumuka pamene ena sagumuka. Pa mapiri amenewa pali nthaka yopyapyala yokhala pamwamba pa thanthwe lolimba losalowa madzi. Mvula ikagwa masiku otsatizana, madzi amadzaza timipata ta m'nthaka n'kuunjikana pamalire a nthaka ndi thanthwe, ndipo kukanikiza kwa madziwo kumachepetsa mphamvu imene imagwiriza nthakayo pa malo otsetsereka. Kudula mitengo ndi kusema phiri pofuna malo omangapo nyumba kumachepetsanso mphamvu yomweyo.

Pa mayeso mudzafunsidwa kusiyanitsa mitundu ya kutsetserekaku potengera liwiro lake, kuchuluka kwa madzi ndi mtundu wa zinthu zimene zikuyenda, kuyambira pa nthaka yosuntha pang'onopang'ono imene imapendeketsa mitengo ya magetsi mpaka pa matope othamanga aja. Ngati kwanu kuli pafupi ndi limodzi la mapiri ndatchulawa, pitani m'chilimwe mukaone zipsera zake, muone kuti zinayambira pati, kuti nthaka inali yokhuthala bwanji pamwamba pa thanthwe, ndiponso kuti miyala ikuluikulu inakaima pati pamene malo anayamba kukhala athyathyathya. Mujambule zimenezi m'kabuku, mulembe tsiku ndi malo, ndipo muike chinthu chodziwika kukula kwake pambali pa mwala uliwonse umene mukuujambula pa foni.