Kodi weird, odd ndi eccentric zimasiyana pati?

Moni nonse abale m'gulu muno. Ndimasamalira okalamba kuno ku Leeds, ndipo madzulo aliwonse ndimalemba lipoti m'Chingerezi. Pali agogo ena amene amavala zipewa ziwiri, tiyi amamwera m'mbale. Mutu wawo uli bwinobwino, kungoti zochita zawo n'zachilendo. Nditalemba kuti "weird", abwana anandiuza kuti liwulo n'lonyoza.

Ndayang'ana m'dikishonale, ndafufuzanso pa intaneti, koma "odd", "quirky" ndi "eccentric" zikungondionekera zofanana.

Dzulonso agogowa anangokalipa mwadzidzidzi, kenako n'kuyamba kulira atagwira dzanja langa. Mnzanga akuti ndilembe "outburst", poti "tantrum" amanenera ana.

Inu amene mwakhalitsa kuno, mawu aulemu ndi ati? Sindikufuna kuwanyoza agogowa papepala limene ana awo adzawerenge.