B55 sakutuluka pa IP ya PP2A, thandizeni

dontho_limodzi: Akuluakulu, zandikwana. PP2A ndi enzyme yochotsa phosphate pa mapuloteni, yokhala ndi ma subunit (zigawo) atatu: A, B ndi C. Ndikuchita IP, kutanthauza kukoka subunit C ya PP2A ndi FLAG (tag yomatidwa pa puloteni kuti antibody igwirepo) m'maselo a HEK293 (maselo a munthu oleredwa mu labu), kuti ndione obwera naye limodzi. Subunit A akubwera bwinobwino; pa mitundu ya B, B56 akuoneka ngakhale mofooka, koma B55α palibiretu. Chonsecho mu input (sampo ndisanakoke) ngwambiri. Antibody ndasintha, ma bead ndatsegula atsopano, chimodzimodzi. Chikuvuta n'chiyani?

mayi_wa_benchi: FLAG yo ili mbali iti? Ngati ili kumchira kwa puloteni (C-terminus), vuto ndi limenelo. C amathera ndi ma amino acid TPDYFL, ndipo Leu309 wotsirizayo ndi amene enzyme ya LCMT1 imamuika methyl. Mukamata tag pamenepo mwatseka carboxyl, methyl alibe polowera, ndiye B55 sangakhazikike. B56 sadalira methyl kwenikweni, n'chifukwa chake mukumuonabe. Isamutsireni kumutu kwa puloteni, ku N-terminus.

chiphaliwali: Ine ndikuti ndi buffer basi. Buffer ya RIPA ili ndi ma detergent amphamvu, SDS ndi deoxycholate, imamwaza trimer yonse ya A, B ndi C.

dontho_limodzi: Si RIPA, ndi detergent yofatsa ya NP-40 yokha, achimwene. Koma FLAG ilidi kumchira, mayi.

chiphaliwali: Nanga mchere ngwochuluka bwanji? Mukutsuka kangati? Tsitsani kaye mcherewo musanawononge nthawi pa plasmid yatsopano.

mkulu_wakale: Nkhani ya mchirayi inatizunza ifenso. Tinkaona ngati C wachepa m'maselo ena, kufika polemba lipoti, osadziwa kuti antibody yathu imagwira kumchira ndipo C wokhala ndi methyl simuona bwino. Titathira NaOH mu lysate (madzi a maselo ophwanyidwa) kuti methyl achoke, mizere yonse inafanana. Chenjerani nawonso ma antibody aja amati a phospho-Tyr307, anapezeka kuti amagwira ngakhale popanda phosphate. Lysate yo isachoke pa ayisi, PME-1, enzyme yochotsa methyl pa C, sagona, amachotsabe methyl mu chubu momwemo.

mayi_wa_benchi: Zoona bambo. Ndipo mukadzafika pa siRNA, njira yozimitsira jini, musadzadabwe kuona maselo ali phee. B55 ali ndi majini anayi, PPP2R2A mpaka D, B56 asanu. Mukazimitsa B55α, B55δ amatha kutseka mpata.

mkulu_wakale: Okadaic acid, mankhwala oletsa PP2A, asakunamizeninso. Amamenya C, sasankha kuti pakhala B uti, ma enzyme anzake PP4 ndi PP6 nawo amagwera momwemo, mukakweza mlingo PP1 nayenso wapita. Munthu sunganene kuti "ndi B55" chifukwa cha mankhwala amenewo okha.

chiphaliwali: Zonsezo ndamva, koma B56 naye ngwofooka, iwo anena okha. Tag ingafooketse onse awiri? Mcherewo sanatiuzebe.