Zopopa m'zimbudzi: tingaziumitse ndi mankhusu m'malo mwa dizilo?

Wopopa wa ku Mpondasi:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndimapopa zimbudzi kuno ku boma la Mangochi, tilipo atatu ndi pampu yathu yamanja ija ya gulper. Chondisowetsa tulo ndi kotaya. Kuno ukangokumba pang'ono madzi atuluka kale, ndiye kukwirira n'chimodzimodzi kuthira matenda m'zitsime za anthu. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inanditengera mlamu wanga, sindifuna dzanja langa lidzakhalemo m'maliro a wina. Ndinamva za makina a ku Durban otchedwa LaDePa, amene amaumitsa zonyansazi n'kupha tizilombo, koma amayendera dizilo, yemwe ife timachita kumugonera pamzere. Pachigayo chapafupi pali mulu wa mankhusu a mpunga, amangouyatsa madzulo utsi n'kudzaza mudzi wonse. Moto umenewu sungatigwirire ntchitoyi?

Mphunzitsi wa ku Namwera:
Ungagwire achimwene, koma musayambe ndi moto. Zotuluka m'dzenje zambiri ndi madzi, mungathe mankhusu onse zisanaume. Mangani bwalo la simenti lotsetsereka, pansi miyala, pamwamba mchenga, muziyanike mopyapyala. Dzuwa la Okutobala kwanu kunyanjako si lamasewera. Madzi otsikawo akhale ndi thanki yake, asalowere ku Shire. Zikauma n'kung'ambika ngati dambo, ndiye muziike mumgolo wachitsulo, moto wa mankhusu ndi zitsononkho pansi pake. Apa musafulumire: mazira a njoka zam'mimba amapirira dzuwa, chimawamaliza ndi kutentha kofika mpaka pakati pa mgolo. Ku Nakuru, ku Kenya, amazisandutsa makala, n'kusakaniza ndi a utuchi, n'kuumba mabuliketi ogulitsa.

Mayi wa usipa, Makawa:
Zoumitsazo ndagwirizana nazo, koma mabuliketiwo ine sindingawambire nsomba. Makasitomala angomva mphekesera, basi bizinesi yagona. Komanso kuno ambiri ndife Asilamu, nkhani ya najisi, zinthu zodetsedwa pa chipembedzo chathu, si yaing'ono. Kafunseni mashehe kaye, kapena mukawagulitse kwa owotcha njerwa.

Wopopa wa ku Mpondasi:
Zikomo mayi, za njerwazo sizinandifikire m'mutu. Nanga aphunzitsi, majumbo ndi mapampasi amene timavuula m'maenjemo tingasonkhezere moto? Dzenje limodzi limatulutsa ndowa zingapo.

Mphunzitsi wa ku Namwera:
Ayi ndithu, utsi wa pulasitiki ndi poizoni. Muzisefa ndi waya musanayanike, zimenezo zikatayidwe padera. Ndipo malowo mukagwirizane ndi a zaumoyo ku khonsolo musanagule simenti, akhale kutali ndi mijigo.