Zosonkha za telesikopu ya Tadala

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani ya mwana wanuyu. Kusukulu kwawo anayambitsa kalabu ya zamlengalenga, iyeyo ndiye wapampando, ndipo akufuna kuchita chionetsero kuyambira pa 4 mpaka pa 10 October. Koma kalabu yonse ilibe choonera nyenyezi, amangojambula pa bolodi. Ndekha sindingathe, ndiye ndati eni mbumba amve.

Amalume a ku Joni: Tamva achemwali. Nanga masiku amenewo anawasankha bwanji?

Tadala: Amalume, ndi World Space Week, imachitika dziko lonse chaka ndi chaka. Pa 4 October 1957 a Soviet Union anaponya Sputnik, setilaiti yoyamba. Pa 10 October 1967 mpomwe linayamba kugwira ntchito pangano loti mwezi ndi mapulaneti sizingakhale za dziko limodzi.

Bambo aang'ono a ku Ntcheu: Ine ndinene zoona. October ndi mwezi wogula feteleza. Mwana yemweyu ali Form 4, kukubwera ndalama za mayeso. Nyenyezi tidya? Komanso zoti anthu anaponda pamwezi ine mpaka lero sindikhulupirira, inali kanema chabe.

Chisomo (Leeds): Bambo aang'ono, zafetelezazo ndikugwirizana nanu, tisakhudze thumba limenelo. Koma zamwezizo ayi. A ku America sanapiteko kamodzi. Anatera kasanu ndi kamodzi, kuyambira Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin mu July 1969 mpaka December 1972, anthu 12 onse pamodzi. Anabwerako ndi miyala yolemera makilogalamu 382. Anasiyakonso magalasi omwe mpaka pano akatswiri amawaunika ndi laser poyeza mtunda wochoka kuno kufika kumwezi. Ndipo a Soviet Union, omwe ankapikisana nawo koopsa, akanangokhala chete likanakhala bodza?

Bambo aang'ono a ku Ntcheu: Hmm. Iwe unkakonda makani kuyambira uli mwana.

Azakhali a ku Lusaka: Achimwene musamugwetse mphwayi mwana. Kuno ku Zambia tinali ndi Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi wa sayansi. Mu 1964, chaka cha ufulu, ankati adzatumiza a Zambia kumwezi ndi ku Mars. Ophunzira ake ankawalowetsa mumgolo n'kuwagubuduza pachitunda kuti azolowere. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, nanenso ndikamva ndimaseka. Koma bamboyo chomwe analibe ndi zida basi. Taonani aneba athu a Zimbabwe, mu 2022 anatumiza setilaiti yawo ya ZimSat-1, ndipo Uganda nayo inatumiza yake ulendo womwewo.

Azakhali a ku Lusaka: Komanso ine ndinaona kadamsana wa pa 21 June 2001 ndi maso angawa kuno ku Lusaka. Masana dzuwa likuswa mtengo kunangoti bii, nkhuku zinalowa m'khola, kunazizira. Ana omwe ndinali nawo tsiku lija sanasiye kufunsa mafunso mwezi wathunthu. Palibe bolodi ikanawaphunzitsa zimenezo. Ine ndiponya K60,000.

Amalume a ku Joni: Ndangolowa pa intaneti. Ndaona ina yotchipa, pabokosi alemba kuti imakulitsa ka 600. Nditenge imeneyo?

Tadala: Amalume chonde ayi!! Aphunzitsi anatichenjeza. Zimenezo ndi zidole, chithunzi chimangokhala mbuu. Chofunika ndi kukula kwa galasi lakutsogolo, chifukwa ndi lomwe limasonkhanitsa kuwala. Likhale la mamilimita 70 kapena 80. Miyendo yake ikhalenso yolimba, ikamagwedera ngakhale pang'ono nyenyezi imathawa.

Amalume a ku Joni: Eee, mwana wa mlongo wanga wandiphunzitsa. Ndiye ya 80 imeneyo muona nayo chiyani?

Tadala: Maenje ndi mapiri apamwezi, mphete za Saturn, ndi miyezi inayi ya Jupiter. Galileo anaiona mu 1610 ndi telesikopu yochepa mphamvu kuposa imeneyi. Ukayang'ana lero ndi mawa umapeza yasuntha, ina yabisala kuseri.

Mlamu a ku Blantyre: Ine funso langa ndi la malo. Muchitira kuti? Kuno ku Ndirande magetsi akayaka kumwamba sikuoneka kanthu, timaona nyenyezi tsiku lomwe azima basi.

Chisomo (Leeds): Alamu mwalasa. Kuno zaka zonsezi sindinauonepo mlalang'amba ngakhale kamodzi, mitambo ndi magetsi okhaokha. Azungu amalipira ndalama kupita kumalo amdima. Telesikopu yaikulu ya SALT anaimanga ku Sutherland, kuchipululu cha Karoo ku South Africa, pothawa kuwala kwa mizinda. Mdima umenewo ife kwa agogo tili nawo waulere. Bwanji usiku umodzi ana a kalabu akagone kumudzi, pabwalo paja?

Mayi a Tadala: Ndawaimbira amayi. Ndikulemberani monga anenera. Akuti abwere, mphasa zilipo, koma aliyense atenge chofunda chake. Akutinso Tadala asadzitame, nyenyezi anazidziwa iwo kale iye asanabadwe. Akuti mwezi uli ndi akazi awiri. Chekechani wakum'mawa samuphikira bwino, n'chifukwa chake amaonda mpaka kutha. Puikani wakumadzulo amamudyetsa mpaka kunenepa.

Tadala: Auzeni agogo kuti akazi awiriwo ndi mmodzi yemweyo, ndi Venus, nthanda ija. Nthawi zina imaoneka m'mamawa, nthawi zina madzulo 😂

Mayi a Tadala: Ukawauze wekha. Ine sindilowa nawo milandu ya mitala.

Azakhali a ku Lusaka: Koma zoona, pulogalamu iyambe ndi amayi. Afotokoze za Nsangwe ndi Akamwiniatsatana, kenako ana aloze ndi telesikopu. Mayina amenewa akutha, ana akungodziwa Pleiades ndi Orion.

Bambo aang'ono a ku Ntcheu: Ndiye musankhe tsiku lomwe mwezi uli wathunthu kuti muone bwino.

Tadala: Ayi bambo aang'ono, ukakhala wathunthu umathobwa m'maso ndipo umabisa nyenyezi. Umakoma uli theka, maenje amakhala ndi zithunzithunzi. Ndiona pa Stellarium, pulogalamu yoonetsa zamlengalenga, kuti ndi tsiku liti labwino. Ndionanso ngati International Space Station idutse. Imeneyo siifuna telesikopu, imaoneka ngati nyenyezi yowala yoyenda mosaphethira. Ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, imazungulira dziko m'mphindi 90, ndipo muli anthu osadukiza kuyambira November 2000.

Bambo aang'ono a ku Ntcheu: Anthu? Madzi amatunga kuti?

Tadala: Amasefa thukuta ndi mkodzo n'kumwanso.

Bambo aang'ono a ku Ntcheu: Basi, ine nditsale pansi pompano. Koma ngati chinthucho chidutsedi pa ola lomwe unenelo, ndipereka nkhuku ziwiri za ana. Chikapanda kudutsa udzandilimira mizere khumi.

Tadala: Ndavomera. Aliyense ndi mboni.

Chisomo (Leeds): Chinthu chimodzi chosaseka. Munthu asaloze telesikopu kudzuwa, ngakhale kamphindi. Diso limapsa ndipo silichira. Masana izikhala yotsekera m'bokosi, tiana ta kumudzi tija timagwira chilichonse. Ine nditumiza theka la mtengo wake kwa amalume Lachisanu ndikalandira.

Amalume a ku Joni: Theka linalo ndi langa. Ndalama za azakhali zipite ku minibasi ya ana ndi ufa. Ndipo sindituma munthu. Chaka chatha ndinatumiza TV pa basi, inafika galasi lili zidutswa, mpaka lero palibe anavomera. Iyi ndibwera nayo ndekha kumapeto kwa September, ndiifukata pamiyendo mpaka pa Mwanza.

Mlamu a ku Blantyre: Ndidzakuchingamirani. Ine ndiwonjezera shuga ndi masamba a tiyi, usiku ndi wautali. Koma tigwirizane, ikatha sabatayo telesikopu ndi ya ndani? Ya Tadala kapena ya sukulu?

Amalume a ku Joni: Ya banja. Izikhala kwa amayi. Sukulu izibwereka polemba m'kope, ndipo Tadala asanapite ku koleji aphunzitse ang'ono ake awiri kuimanga ndi kuimasula.

Mayi a Tadala: Zikomo nonse. Mawa ndikaonana ndi ahedi za makalata a makolo, ndi aphunzitsi awiri oti adzaperekeze, mmodzi akhale wamkazi. Tadala, utipatse tsiku pofika Lamlungu. Bambo aang'ono, nkhukuzo zikhale zazikulu, ana ndi 23.