Kodi mipikisano ya akavalo okoka ngolo ku Ontario ili ndi tsogolo?

Malume a ku Guelph:

Moni nonse. Mphwanga wapatsidwa mwayi wogwira ntchito yosamalira akavalo m'khola lina kufupi ndi Campbellville, ndipo maganizo ake ndi akuti akaphunzira bwino adzakhale wophunzitsa akavalo a mpikisano wokoka ngolo. Makolo ake andipempha kuti ndiwalangize, koma zimene ndikumva zikutsutsana. Ena akunena kuti masewerawa anafa m'chaka cha 2013 ndipo chatsala ndi maliro okha, pomwe ena akuloza mphoto za madola miliyoni imodzi zimene zimaperekedwabe pa bwalo la mipikisano la Woodbine Mohawk Park monga umboni wakuti zinthu zili bwino. Ndikupempha amene mukuidziwa bwino nkhaniyi kuti mundifotokozere mmene zinthu zilili m'chigawo chino cha Ontario ku Canada, kumene ndalama zimachokera, ndiponso ngati n'kwanzeru kuti wachinyamata aike moyo wake pa ntchito imeneyi.

Wowerengera Ndalama:

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Mbali zonse ziwiri zikunena zoona pang'ono, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake tiyenera kubwerera ku 1998, pamene boma la Ontario linalola kuti makina a juga aikidwe m'mabwalo a mipikisano ya akavalo. Pangano linali lakuti pa ndalama zimene makinawo ankapeza, 20 peresenti izitsalira masewera a akavalo: theka lake kwa eni mabwalo, theka lina n'kukhala mphoto za pampikisano. Pofika kumapeto kwa ndondomekoyi, ndalamazi zinkafika madola pafupifupi 345 miliyoni pa chaka, ndipo chigawochi chinali ndi mabwalo 17, ambiri mwa iwo a akavalo okoka ngolo. Kwa zaka zoposa khumi Ontario inali amodzi mwa malo olemera kwambiri pa masewerawa ku North America konse, moti anthu ankachoka ku United States ndi m'zigawo zina za Canada kudzamanga makola kuno.

M'mwezi wa Marichi 2012, boma la Ontario lotsogoleredwa ndi Dalton McGuinty, lili pa vuto la ngongole, linalengeza kuti ndondomekoyi itha pa 31 Marichi 2013. Makina a ku Windsor, Fort Erie ndi Sarnia anatsekedwa msanga, mu Epulo 2012, ndipo bwalo la Windsor Raceway linatsekedwa chaka chomwecho. Chimene chinapweteka kwambiri si kutha kwa ndondomekoyi kokha ayi, koma kufupika kwa nthawi ya chenjezo. Kavalo amakhala ndi bere miyezi pafupifupi khumi ndi umodzi, mwana wake amagulitsidwa atakwanitsa chaka, ndipo amayamba kupikisana ali ndi zaka ziwiri. Motero woweta amene wakweretsa kavalo wake lero amakhala akuyembekezera phindu la zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazo. Oweta ambiri anapezeka ali ndi ana a akavalo amene anabadwira msika womwe kunalibenso, mitengo inagwa, ndipo ena anasamutsira ziweto zawo ku Pennsylvania, Ohio ndi Indiana kumene ndalama za juga zinali kuthandizabe masewerawa.

Boma linabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Mu nthawi ya Kathleen Wynne, amene analowa m'malo mwa McGuinty, linalonjeza madola okwana 500 miliyoni pa zaka zisanu kuyambira 2014, kenaka panabwera mgwirizano wa nthawi yaitali pakati pa OLG, bungwe la boma loyendetsa juga, ndi Ontario Racing, bungwe loimira masewera a akavalo m'chigawochi. Mgwirizanowu unayamba mu Epulo 2019, ukhoza kufika zaka 19, ndipo pachiyambi unakhazikitsa ndalama zofika madola 105 miliyoni pa chaka za mitundu yonse ya mipikisano ya akavalo, osati yokoka ngolo yokha. Mukayerekeza 105 ndi 345 muona nokha kukula kwa kusintha kumene kunachitika.

Yankho langa tsono ndi lakuti masewerawa sanafe, koma akupuma ndi ndalama za boma. Zimene anthu amabetcha pa akavalo sizikwanira kulipira mphoto zimene zikuperekedwa, ndipo ofesi yofufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma ku Ontario inadandaula za zomwezi m'lipoti lake la 2019, kuti panalibe chizindikiro chakuti masewerawa akuyandikira kuyima paokha. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, ndipo amene anaona zimene zinachitika mu 2012 sangaiwale kuti boma likhoza kusintha maganizo m'bajeti imodzi yokha.

Mayi wa pa Famu:

Ndikugwirizana ndi mbiri imene bambo afotokoza pamwambapa, koma sindikugwirizana ndi mawu akuti masewerawa akungopuma ndi ndalama za boma, ngati kuti ndalamazo ndi zachifundo. Tisaiwale kuti m'mbuyomo kubetcha pa akavalo kunali njira yaikulu yololedwa ndi lamulo yochitira juga, ndipo ndi boma lomwe linabweretsa malotale, makasino, kenaka makina a juga m'nyumba zomwe anthu a akavalo anamanga. Makinawo anaikidwa m'mabwalo chifukwa chakuti midzi yambiri sinkafuna makasino atsopano, koma inali itazolowera kale mabwalo a akavalo. Boma linapindula kwambiri ndi malo amenewo kuposa mmene eni akavalo anapindulira, popeza gawo lalikulu la ndalama linkapita m'thumba lake. Choncho ambirife timaona kuti 20 peresenti ija inali malipiro a mgwirizano wa malonda, osati mphatso.

Komanso ndalama ya kavalo siithera pabwalo la mpikisano. Kavalo mmodzi amadyetsa mlimi wa udzu ndi tirigu wa ziweto, wokhoma zitsulo m'ziboda, dokotala wa ziweto, wokonza ngolo ndi zingwe, woyendetsa galimoto yonyamula akavalo, ndi wosamalira ngati mphwanu. Anthu amenewa ali kumidzi, m'madera monga Wellington, Huron, Grey ndi Middlesex, kumene ntchito zina si zambiri. Mukapita ku Clinton, ku Hanover kapena ku Dresden m'nyengo yotentha, mupeza mabwalo aang'ono a theka la mailosi kumene mabanja amabwera ndi ana awo, ndipo mphoto zake ndi zochepa, koma ndi kumene oyendetsa ndi ophunzitsa achinyamata amaphunzirira ntchito. Nkhawa yanga yaikulu ili pa mabwalo amenewa, osati pa Mohawk. Kuyambira 2018, pamene kampani ya Woodbine inasamutsira mipikisano yake yonse yokoka ngolo ku Mohawk, bwalo limeneli lakhala likulu la masewerawa m'dziko la Canada, ndipo mipikisano ikuluikulu monga North America Cup, Canadian Pacing Derby, Maple Leaf Trot ndi Mohawk Million imachitikira kumeneko. Koma bwalo lalikulu limadalira ang'onoang'ono kuti alilerere anthu ndi akavalo, ndipo akatha amenewa nalonso lidzauma kuchokera kumizu.

Pa nkhani ya ubwino wa akavalo athu palibe chokayikitsa. Ndondomeko ya Ontario Sires Stakes, yomwe inayamba mu 1974, imapereka mphoto kwa ana a akavalo amphongo olembetsedwa m'chigawo chino, ndipo ndiyo yasunga oweta amene anapirira. Mu Julayi 2022, kavalo wotchedwa Bulldog Hanover, wophunzitsidwa ndi Jack Darling wa kuno ku Ontario, anakhala woyamba m'mbiri ya masewerawa kumaliza mailosi imodzi pasanakwane mphindi 1 ndi masekondi 46, pa bwalo la Meadowlands ku New Jersey. Luso lilipo. Chimene chikusowa ndi manja atsopano, chifukwa mukayang'ana m'makola mupeza kuti ambiri mwa eni ake ndi ophunzitsa tsitsi lawo layera, ndipo ana awo ambiri anasankha ntchito zina.

Wowerengera Ndalama:

Mayi, mfundo yanu ya mgwirizano wa malonda ndikuilandira, ndipo ndikuvomereza kuti mmene ndondomekoyi inathetsedwera munali nkhanza. Koma funso la bambowa likukhudza zaka makumi atatu zikubwerazi, ndipo pamenepo tiyenera kuyang'ana wobetcha. Mu Ogasiti 2021 dziko la Canada linalola kubetcha pa masewera amodziamodzi, ndipo mu Epulo 2022 Ontario inatsegula msika wa juga ya pa intaneti kwa makampani omwe si aboma. Lero wachinyamata akhoza kubetcha pa hockey kapena mpira ali pa foni yake, ndipo kampani imadula zochepa pa ndalama yake. Pa akavalo, onse obetcha amaika ndalama m'mphika umodzi, bwalo n'kuchotsapo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, zotsalazo n'kugawidwa kwa opambana. Kuwonjezera apo, kuti munthu abetche mwanzeru pa akavalo ayenera kuphunzira kuwerenga mbiri ya kavalo aliyense, malo amene akuyambira pa mzere, ndi woyendetsa wake. Ndi ochepa mwa achinyamata amene ali ndi chipiriro chotere.

Zimene zachitika kwa anansi athu zikutichenjeza. Ku Quebec bwalo lotchuka la Blue Bonnets ku Montreal linatsekedwa mu 2009. Ku Florida, boma litalola mu 2021 kuti makasino apitirize juga popanda kukakamizidwa kuchititsa mipikisano yokoka ngolo, bwalo la Pompano Park linasiya mipikisano chaka chotsatira. Ku New Jersey bwalo lakalekale la Freehold linatsekedwa kumapeto kwa 2024. Phunziro lake ndi limodzi: mwini kasino akapatsidwa ufulu wosankha, kawirikawiri amasankha makina ndi malo omangapo nyumba, osati akavalo. Ku France ndi ku Sweden zinthu zinayenda mosiyana chifukwa chakuti mabungwe obetchera, PMU ndi ATG, anakhazikitsidwa ndi mabungwe a akavalo enieniwo, ndipo phindu lawo limabwerera ku masewerawo. Kuno sitinamange dongosolo lotero pamene ndalama zinali zambiri, ndipo ine ndimaona kuti uku ndiko kulakwa kwakukulu kwa zaka za makina a juga: mphoto zinakula, koma sipanachitike zokwanira kuti pabwere owonerera ndi obetcha atsopano.

Malume a ku Guelph:

Ndathokoza nonse awiri, mwanditsegula maso. Chatsala n'chakuti ndimve za ntchito yeniyeniyo. Kodi wosamalira akavalo kapena wophunzitsa amapeza bwanji ndalama zake, nanga akavalo amene atha msinkhu wopikisana amapita kuti? Mphwangayo ndi wokonda ziweto kwambiri, ndipo funso lachiwirili likumuvutitsa mtima.

Wam'khola Wakale:

Achimwene, ine ndinagwirapo ntchito imeneyi kwa nthawi yaitali, choncho ndiyankha mbali yokhayi. Mphoto ya mpikisano kawirikawiri imagawidwa kwa akavalo asanu oyamba: wopambana amatenga 50 peresenti, wachiwiri 25, wachitatu 12, wachinayi 8, ndipo wachisanu 5. Pa ndalama imene kavalo wapeza, woyendetsa amalandira 5 peresenti ndipo wophunzitsa amalandiranso 5 peresenti, kuwonjezera pa malipiro a tsiku ndi tsiku amene mwini kavalo amapereka kwa wophunzitsa. Malipiro a tsikuwo nthawi zambiri amathera pa chakudya, zogonera za m'khola ndi antchito, moti wophunzitsa wa akavalo ochepa amene sakupambana amagwira ntchito yolemetsa popanda chotsala. Mitengo ya udzu, mafuta ndi mankhwala yakwera kwambiri m'zaka zaposachedwapa, ndipo khola laling'ono ndi limene limamva ululu woyamba. Wosamalira amalandira malipiro a pa sabata, amadzuka kusanache ngakhale kunja kuli chipale, ndipo pa tsiku la mpikisano amabwerera kunyumba pakati pa usiku. Adzafunika chiphaso chochokera ku AGCO, bungwe limene lakhala likuyang'anira mipikisano ya akavalo m'chigawo chino kuyambira 2016, ndipo kuti adzakhale wophunzitsa adzayenera kudutsa mayeso a Standardbred Canada, bungwe la akavalo okoka ngolo m'dziko lino.

Langizo langa ndi lakuti ayambe ntchitoyo, chifukwa makola akusowa anthu odalirika ndipo wachinyamata wakhama sangasowe pogwira, koma asafulumire kugula akavalo ndi ndalama za ngongole. Aphunzirenso luso limene lingamudyetse ngakhale mabwalo atachepa, monga kukhoma zitsulo m'ziboda kapena kuthandiza madokotala a ziweto, popeza akavalo okwera ndi a m'mafamu adzafunabe anthu otere. Asankhenso bwino womuphunzitsa. M'masewerawa muli anthu oona mtima ambiri, koma mulinso ena amene amapatsa akavalo mankhwala oletsedwa, ndipo dzina la munthu likadetsedwa pa chifukwa chimenechi silichedwa kudziwika m'makola onse.

Za akavalo opuma, mtundu wa akavalo okoka ngolowa, wotchedwa Standardbred, uli ndi mwayi kuposa mitundu ina chifukwa ndi wofatsa ndipo unazolowera kale kukoka. Ambiri amagulidwa ndi a Mennonite ndi a Amish, magulu achikhristu a kumadera monga Waterloo, kuti azikoka ngolo za pamsewu, aakazi abwino amapita kukabereka, ndipo bungwe la Ontario Standardbred Adoption Society limaphunzitsa ena kuti azikweredwa n'kuwapezera mabanja. Si onse amene amapeza malo abwino, ndipo ena amatsirizira kumisika kumene ogula nyama nawonso amafikako. Mphwanuyo akamakafunsira ntchito, afunse mwini khola kuti akavalo ake akale ali kuti tsopano, ndipo amvetsere bwino mmene ayankhire.