Khungu likutuwa m'mawa, masana likutuluka nsungu: ndidzole chiyani?

NaBanda wa ku Kapata:
Abale anga, ndikupempha nzeru. Ndimagulitsa ndiwo zamasamba pamsika kuno ku Chipata, ndipo ndimachoka pakhomo kusanache, mphepo ya mu Ogasiti ikuwomba ndi fumbi lake. Nthawi imeneyo miyendo imatuwa, milomo imang'aluka, choncho ndimadzola Vaseline wambiri thupi lonse, ndi kumaso komwe. Koma dzuwa likafika paliwombo kumatentha ngati chilimwe chafika kale, thukuta limatsekeredwa, ndipo tsopano m'khosi ndi pamphumi pandituluka tinsungu toyabwa. Ndikasiya kudzola ndimatuwa, ndikadzola ndimayabwidwa. Kodi ndikulakwitsa pati?

Agogo a Chisomo, Katete:
Mwanawe, ndiyambe ndafunsa: mumasamba madzi otani, nanga sopo wake ndi uti? Ambiri m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi timazolowera madzi otentha kwambiri ndi sopo wochapira zovala, ndipo timapitiriza chomwecho ngakhale nyengo itayamba kusintha. Zinthu ziwirizi zimachotsa mafuta achibadwa a khungu, ndiye mukamadzola mumakhala mukubwezera zimene mwachotsa nokha. Sambani madzi ofunda pang'ono, ndipo musakhule thupi ndi mwala tsiku lililonse. Mwala ndi wa zidendene basi. Ife tinakula tikudzola mafuta a nsatsi ochepa kwambiri, thupi lisanaume, ndipo zikang'a sizinkatipeza. Musamayandikirenso mbaula usiku, chifukwa moto umaumitsa miyendo ndi kusiya mbala zimene zimachedwa kutha.

Tembo, Mfuwe:
Agogo anena zoona, makamaka pa mawu akuti thupi lisanaume, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa chake. Vaseline sathira madzi m'khungu, ntchito yake ndi kutseka kuti madzi amene alimo kale asatuluke. Mukamudzola pa khungu louma ndiye kuti mwavundikira mphika wopanda kanthu, koma mukadzola mutangotuluka m'bafa, thupi likadali ndi chinyezi, wochepa chabe amakwanira tsiku lonse. Vuto lanu, amayi, ndi lakuti mukudzola thupi lonse mofanana pamene ziwalo zake sizifanana. Zidendene, mawondo, zigongono ndi milomo zimafuna mafuta olemera, ndipo nthawi yabwino ndi usiku pogona. Kumaso, m'khosi ndi pachifuwa, kumene thukuta limachuluka, kumafuna mafuta opepuka amadzimadzi, kapena glycerine wosakaniza ndi madzi. Glycerine yekha wosasakaniza amanata ndipo fumbi limakakamira. Kuno kuchigwa cha Luangwa kumatentha kuposa ku Chipata, ndipo pofika Okutobala munthu wodzola mafuta olemera m'khosi sagona ndi kuyabwa. Nsungu zanuzo zikhoza kutha zokha mukasiya kutseka khungu, mukamatsuka thukuta madzulo ndi kuvala zovala zathonje zosathina.

NaPhiri, Chadiza:
Ine ndiwonjezere chenjezo, chifukwa ndinaziona kwa mng'ono wanga. Nsungu zitamutuluka anagula kachubu ka mafuta pamsika, kamene wogulitsa anati kamasalalitsa nkhope. Masabata oyamba zinaoneka ngati zatheka, koma pambuyo pake khungu linapyapyala, linayamba kupsa ndi dzuwa, ndipo masaya anada kuposa kale. Kuchipatala anamuuza kuti munali mankhwala amphamvu a steroid, amene sayenera kudzoledwa kumaso popanda dokotala. Chonde musagule zoterozo. Ndipo popeza mumakhala padzuwa tsiku lonse, chipewa chachikulu kapena ambulera ndi zofunika kwambiri, makamaka kuyambira 10 koloko m'mawa kufikira 4 koloko madzulo. Mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 kapena kuposerapo ndi okwera mtengo, ndikudziwa, koma kwa abale athu achialubino si chinthu chosankha ayi, chifukwa dzuwa limawabweretsera khansa ya khungu.

NaBanda wa ku Kapata:
Zikomo kwambiri nonse. Agogo, mwandigwira, pakuti sopo amene ndimasambira ndi yemweyo wochapira. Ndayamba kudzola zidendene usiku ndi kuvala masokosi, ndipo kumaso ndasiya Vaseline. Funso langa lotsala ndi la amayi anga, amene ali ndi matenda a shuga ndipo chidendene chawo chang'aluka mpaka kutuluka magazi.

Tembo, Mfuwe:
Amenewo musayese kuwachiza kunyumba, ndipo musawakhule ndi mwala. Chilonda cha kuphazi kwa munthu wa shuga chimachedwa kupola ndipo chikhoza kukula iwo osamva kupweteka. Pitani nawo kuchipatala mawa m'mawa.